Mutu wopanda mwini: kuika mthunzi ndi pensulo kuno ku chigwa

Mitu imene mumaiona pamakoma a mababashopu, kuyambira pa Dyeratu, kudutsa pa Nchalo ndi pa Ngabu mpaka ku Bangula, ilibe eni ake. Palibe munthu amene anakhalapo pampando kuti amujambule. Wojambulayo amatenga miyeso ya mutu wa munthu wamba n'kuikonza kuti chilichonse chikhale pamalo pake: maso ofanana, mphuno yosakhota, makutu olingana, chipumi chopanda chipsera. Ine ndimadyera ntchito yomweyi. Ndimalemba zikwangwani ndi kujambula pamakoma kuno ku Nchalo, ndipo mutu uliwonse usanakwere pakhoma ndi penti, umayamba wabadwa papepala ndi pensulo.

Anyamata ena amanditumizira zojambula zawo pa WhatsApp kuti ndiwaunikireko. Mizere amaitha ndithu. Diso lili pamalo pake, mlomo uli pamalo pake, koma mutu wonsewo uli phwatalala. Dzanja lawo lilibe mlandu. Sanasankhe kumene kuwala kukuchokera, ndiye amangodetsa paliponse pamene mtima wawauza, tsaya ili pang'ono, tsaya linalo pang'ono, kuti pasaoneke popanda kanthu.

Za miyeso sindichedwapo, zili mbwee pa intaneti. Maso amakhala pakatikati pa mutu mukayeza kuchokera paliwombo kufika kunsi kwa chibwano. Ongoyamba kumene amawakweza m'mwamba chifukwa amaiwala kukula kwa chigaza. Nkhope imagawika patatu mofanana: poyambira tsitsi kufika pansidze, pansidze kufika kunsi kwa mphuno, kunsi kwa mphuno kufika kuchibwano. Kagawidwe kameneka ndi kakale. Vitruvius, katswiri wa zomangamanga wa ku Roma, anakalemba zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo Leonardo da Vinci anadzakatsatira m'zojambula zake cha m'ma 1490. Khutu limakhala m'gawo lapakatilo. Pakati pa maso awiri pamakwana diso lachitatu. Njira yojambula mutu poyamba ndi mpira n'kuudula m'mbali, imene yadzaza pa YouTube, ndi ya Andrew Loomis wa ku America, amene anaifotokoza bwino m'buku lake la mu 1956. Zimenezi mwana wa sitandade 7 angaziloweze madzulo amodzi.

Chimene mavidiyo ambiri sakuuzani n'chakuti mutu umene akuphunzitsirawo ndi woyera mbee. M'sukulu za zojambulajambula za ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800, wophunzira sankayamba ndi munthu wamoyo. Ankayamba wajambula mitu ya pulasitala youmbidwa motengera ziboliboli za Agiriki ndi Aroma. Nzeru yake inali yabwino: pulasitala sasuntha, satopa, ndipo alibe mtundu, choncho diso limangoona kuwala ndi mthunzi basi. Koma malamulo amene anachokera kumeneko amawerengera kuti kuyera kwa pepala ndiye khungu. Ukawatsatira osaganiza, umasiya nkhope ya munthu wakuda ili yoyera, kapena umaithira mdima wokhawokha kuti ide, mafupa onse n'kusowa.

Ngakhale miyeso ina ndi ya komweko. Amati mulifupi mwa mphuno mulingane ndi mpata wa pakati pa maso. Khalani pamsika wa pa Nchalo tsiku limodzi muziyang'ana odutsa. Mphuno zambiri zimapitirira mpata umenewo, milomo ndi yodzaza, ndipo palibe chimene chalakwika. Kukongola nakonso kumasinthasintha. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza amayi a Chimang'anja atavala pelele pamlomo wam'mwamba, ndipo kumeneko kunali kukongola kwa nthawi imeneyo. Agogo ena kumidzi kuno akadali ndi mphini kumaso zimene anatemedwa ali atsikana. N'chifukwa chake mutu wanga wophunzirira ndinaukonza ndekha. Chigaza ndi magawo atatu aja ndinasunga, koma mphuno ndinaitambasula, milomo ndinaidzaza, mafupa a masaya ndinawakweza pang'ono.

Zipangizo n'zochepa. M'kati mwa pensulo muli graphite wosakaniza ndi dongo n'kuotchedwa, njira imene Nicolas-Jacques Conté wa ku France anatulukira mu 1795. Dongo likachuluka pensulo imalimba n'kumalemba motuwa, ndiye za H zija. Graphite akachuluka imafewa n'kumada, ndiye za B. M'magolosale muno mumapezeka HB ya ana asukulu, ndipo siyonyozeka, theka la ntchito ndimagwira ndi yomweyo. Za 2B, 4B ndi 6B zimafuna munthu akwere Thabwa akazione ku Blantyre kapena ku Limbe, kapena atumize wa minibasi wokhulupirika. Zimandiseketsa kuti pansi pa nthaka ya ku Malingunde ku Lilongwe pali graphite, koma mapensulo onse amene ndimagula ndi ochokera kunja. Posongola ndimagwiritsa ntchito lezala, kuti nsonga ikhale yaitali ndizitha kuigoneka cham'mbali, kenako ndimaikhutiza pa sandpaper. Fumbi lakugwa pamenepo ndimalisunga m'kachitsekerero ka botolo. Labala ndimaidula mopendeketsa kuti ikhale ndi ngodya yakuthwa.

Aphunzitsi akunja amati yambani ndi dzira. Ine ndimati tengani mtsuko wadothi, wofiirira moderapo uja wosungira madzi, muuvundikire pakhonde m'mawa dzuwa likangotuluka kumapiri a ku Thyolo. Mutu wa munthu wakuda umalandira kuwala ngati mtsuko umenewo, osati ngati dzira. Uyang'aneni mofatsa. Mbali yopenya dzuwa yawala, koma sinayere, ikadali yofiirira. Pamalo amodzi pali kadontho konyezimira. Mukamazungulira kupita mbali inayo, kuwala kumachepa pang'onopang'ono mpaka pamene dzuwa silifikanso. Chakumeneko ndi kumene kwada kwambiri, osati m'mphepete mwenimweni mwa mtsuko. Mukapitirira, mthunzi umapepukanso, chifukwa simenti kapena mchenga wapansi ukubweza kuwala. Pamene mtsuko wakhudza pansi pali bii, ndipo chithunzithunzi chake chagona kuchokera pomwepo, chakuthwa m'mphepete pafupi ndi mtsuko, chofewa chikamatalikira.

Tsopano sunthani mutu wanu kumanja ndi kumanzere, mtsuko osaukhudza. Kadontho konyezimira kaja kakuyenda nanu, koma malire a mthunzi sakusuntha. Malire amamvera dzuwa lokha. Kunyezimira kumamvera dzuwa komanso pamene diso lanu lili. Pakhungu lakuda, makamaka lathukuta kapena lodzola mafuta, kunyezimira kumeneku ndi kumene kumauza munthu mmene mafupa akhalira, ndiye musamakuike mwachisawawa.

Ndikafika pamutu, chinthu choyamba ndimasankha nyali imodzi, ndipo ndimajambula kamuvi pakona ya pepala kuti ndisaiwale. Nthawi zambiri imachokera m'mwamba chakumanzere, kutsogolo pang'ono. Kenako ndi HB yopepuka ndimalemba malire a mthunzi. Amayambira pangodya ya chipumi chakumanja, kutsikira kumapeto kwa nsidze, kukhota pafupa la tsaya, kulowa chakungodya ya mlomo, n'kukathera pachibwano. Mzere umenewu sukhala wowongoka, umakwera ndi kutsika motsata mafupa, ndipo ukaupeza bwino mutu umayamba kale kuoneka wozungulira usanadetse chilichonse. Mutu uli ndi kutsogolo, uli ndi m'mbali, ndipo uli ndi malo oyang'ana pansi. Malo oyang'ana pansiwa ndi amene ongoyamba amaphonya. Kunsi kwa nsidze kumene diso labisala, kunsi kwa mphuno, mlomo wam'mwamba wonse, kachigwa ka pansi pa mlomo wam'munsi, ndi kunsi kwa chibwano, onsewa amada ngakhale ali mbali yowala. Mlomo wam'mwamba umada kuposa wam'munsi osati chifukwa cha mtundu wake, koma chifukwa wapendekera pansi pamene mnzakeyo wapenya kumwamba.

Apa m'pamene ndimasiyana ndi a pulasitala. Ndisanakhudze mthunzi, ndimagoneka HB n'kukuta nkhope yonse, mbali yowala yomwe, ndi kutuwa kofanana. Khutu, khosi, chipumi, zonse. Ndimangosiya tizilumba tochepa pamene padzanyezimire: pachipumi chakumanzere, pamwamba pa fupa la tsaya, kamzere kotsika pamsana pa mphuno ndi kadontho pansonga pake, pakati pa mlomo wam'munsi. Kuyera kwa pepala ndi kwa malo amenewa okha. Ambiri amachita mantha apa, amaona ngati akuononga pepala. Koma popanda kutuwa kumeneku kunyezimira sikuoneka, chifukwa choyera sichiwala pa choyera chinzake.

Kenako 2B mbali yonse ya mthunzi, mofanana, osasankha kuti apa ndi diso, apa ndi tsaya. Ndikatsinzina pang'ono ndiyenera kuona magawo awiri okha, lowala ndi lamthunzi. Zikatero m'pamene 4B imalowa motsata malire aja, kuwadetsa, n'kusiya chakunsagwada kuli kopepukirapo kuti kuoneke kuwala kobwerera. Kuno ku chigwa kuwala kobwereraku ndi kwamphamvu, nthaka yathu yotuwa imakuponya kunsi kwa chibwano ndi kwa mphuno, ndipo kumanyenga. Munthu amatenga labala n'kuyeretsa nsagwada mpaka kufanana ndi tsaya lowala, mutu n'kuphwatalalanso. Malo owala kwambiri a mumthunzi azikhalabe akuda kuposa malo akuda kwambiri a mbali yowala. Ngati mukukayika, boolani timabowo tiwiri pakapepala, muike bowo lina pansagwada, lina patsaya lowala, muyerekeze zimene zikuoneka m'mabowomo.

6B ndimaiumira. Imapita m'mabowo a mphuno, pakati pa diso, kungodya za mlomo, m'kati mwa khutu, ndi pamene chibwano chaphimba khosi. Ndipo sindiikanikiza. Graphite ukamupanikiza sada, amasalala n'kuyamba kung'anima, ndipo pepala likafika pamenepo silirandiranso kanthu. Kuda kwenikweni kumabwera mwa kubwereza mopepuka, kuyala pamwamba pa zoyala kale. Ngati mukufuna bii weniweni patsitsi kapena kumbuyo kwa mutu, khala limathandiza, koma liyambe ndi khala. Pamwamba pa graphite khala limaterereka, siligwira.

Mizere ya pensulo izizungulira motsata thupi la chinthucho. Amene akufuna kuona zimenezi asavutike ndi data, atulutse ndalama m'thumba. Yang'anitsitsani nkhope ya Rose Chibambo pa K200, kapena ya John Chilembwe pa K500. Mthunzi wonse wapangidwa ndi timizere, ndipo timizereto tikukhota potsata tsaya, tikuthinana pamene pada, tikutalikirana pamene pawala. Mphunzitsi ameneyu timayenda naye tsiku lililonse, bola asakhale wodutsa kale m'manja mwa ogulitsa nsomba a ku Elephant Marsh.

Maso ndi pamene anthu amathera nthawi yambiri n'kuononga zambiri. Choyera cha diso si choyera. Diso ndi kampira kolowa m'phanga la fupa, chikope chikuliphimba pamwamba n'kuligwetsera mthunzi, ndipo m'mbali mwake mumada. Ndimalikuta ndi HB monga khungu, mopepukirapo chabe, ndipo kadontho kakuwala ndimakaika kamodzi, mbali imene kamuvi kaja kakuloza, m'maso onse awiri mofanana. Diso la mbali yamthunzi lisamalimbirane ndi linzake, lizimira pang'ono. Mano chimodzimodzi: musawalembe limodzilimodzi ndi mizere yakuda, aikeni ngati lamba mmodzi wotuwa wokhota, wakuda chakungodya.

Pa nkhani yosalaza ndili ndi maganizo anga. Chala ayi. Chala chili ndi mafuta ndi thukuta, chimasiya banga limene labala silichotsa. Ndipo kuno m'miyezi ya October ndi November, pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, si chala chokha, dzanja lonse limanyowetsa pepala. Ndimayala kapepala kena pansi pa dzanja, ndipo popeza ndimalembera kumanja, ntchito yomaliza ndimaiyambira pamwamba chakumanzere kutsikira kumanja. Chosalazira chabwino tili nacho m'minda momwemu: thonje. Chotsanimo nthanga kaye, chifukwa nthangazo zili ndi mafuta. Ndimaliviika m'fumbi la m'kachitsekerero lija poyala kutuwa koyamba, ndipo pamalo opapatiza ndimapinda pepala kukhala kandodo kosongoka. Koma kusalaza kukapitirira, nkhope imataya mafupa n'kukhala ya chidole cha m'shopu. Ndikasalaza ndimabwereranso ndi pensulo kulimbitsa malire pachipumi, pamphuno ndi pachibwano, pamene fupa lili pafupi ndi khungu. Patsaya, pamene pali mnofu, ndimasiya pofewa.

Makasitomala ambiri, kunena zoona, amakonda chidolecho. Mwini babashopu wina nditamuonetsa pepala anati, "Achimwene, uyu mwamudetsa kwambiri. Muyeretseniko, anthu aziona kuti akameta pano atuluka owala." Ndinamuuza kuti, "Bwana, tayang'anani amene akhala pabenchi panupa, woyerayo ndi uti?" Anaseka, koma anaumirirabe. Pakhoma pake ndinapepukitsako, ndalama ndi yake. Papepala langa sinditero. Mutu umene timautcha wokongola ukamakhala woyererapo nthawi zonse, ana amene amadutsa pakhomapo popita kusukulu amaphunzirapo kanthu, ndipo mafuta oyeretsa khungu ali kale mbwee pamsika.

Tsitsi sindilijambula limodzilimodzi. Ndimaliona ngati chinthu chimodzi chokhala ndi mbali yowala ndi yamthunzi, monga mutu womwewo, ndipo limakwera pang'ono pamwamba pa chigaza. Ndimayala mdima wake kaye, kenako timizere tozungulirazungulira m'mphepete ndi pamalire a kuwala pokha, diso la woonera limamaliza lokha kwinako. Kameta kamene anyamata amati fade ndi mayeso enieni a dzanja: kuchoka pakuda paliwombo kufika pakhungu pamwamba pa khutu, osaoneka pamene pasinthira. Amene watha fade ndi pensulo watha kusalaza popanda thonje.

Khosi ongoyamba amalisiya loyera komanso lowonda. Khosi lili pansi pa denga la chibwano, ndiye mbali yaikulu imakhala mumthunzi, ndipo chithunzithunzi cha chibwano chimagwa mopendekera kuthawa nyali. Chimenechi n'chimene chimakankhira nkhope kutsogolo. Mzere wozungulira nkhope nawo ndimaufufuta mbali yowala, m'malo mwake ndimadetsa pang'ono kumbuyo kwake kuti tsaya lituluke lokha. Mbali yamthunzi ndimalola nsagwada isowe pang'ono m'khosi.

Nthawi yogwira ntchito imasankhidwa ndi dzuwa. Masana silithandiza, limaima paliwombo n'kusandutsa maso maenje akuda, komanso pansi pa malata sipakhalika. Ndimajambula m'mamawa pakhonde, kapena usiku ndi tochi ya foni yomangirira pamsomali, imene ndi nyali yabwino kwambiri yophunzirira chifukwa ndi imodzi ndipo malire ake ndi akuthwa. Mphwanga amene ndikumuphunzitsa ndimamukhazika pampando, tochi m'mwamba chakumanzere, kuti tione ngati zimene ndaika papepala zilikodi pamutu wamoyo. Amadandaula kuti, "Amalume, khosi lauma," koma akaimirira amayamba kuona yekha pamene ndanama. Pomaliza ndimaika chojambulacho pagalasi kapena kuchitembenuza pafoni. Diso limazolowera zokhota zake, ndipo zikatembenuzidwa zimaonekera nthawi yomweyo.

Wina angafunse kuti n'kuvutikiranji ndi mutu wa munthu amene kulibe. Yankho langa lili m'zithunzi zimene anthu amandibweretsera. Madzi osefukira a mu January 2015 ndi namondwe Freddy wa mu March 2023 anatenga nyumba zambiri kuno, ku Makhanga ndi madera ena a m'mbali mwa Shire ndi Ruo, ndipo zithunzi za makolo zinapita nawo kapena zinatsala zitamatirirana, theka la nkhope litasuluka. Ena amangobwera ndi chiphaso cha unzika cha malemu, cha kalembera wa mu 2017 uja, kankhope kakang'ono kojambulidwa mopenya kutsogolo, kopanda mthunzi woti munthu n'kutsata. Amafuna chithunzi chachikulu chopachika pabalaza. Pamenepo palibe choti ndikopere. Kuwala, malire a mthunzi, khutu limene lasowa, zonsezi ndimabwereka kumutu wopanda mwini uja.

Ngozi yake ndi yakuti mutu wobwerekawo umafuna kulanda malo. Umawongola mphuno imene inali yokhota, umalinganiza maso amene sanali olingana, ndipo abale akachiona amati, "N'chokongola, koma si amayi." Choncho ndisanayambe ndimakhala nawo pansi n'kufunsa zimene miyeso sidziwa. Kodi anali ndi mphini, ndipo zinali mbali iti? Masaya anali olowa kapena odzaza? Mano anali ndi mpata? Pa ana awo, wafanana nawo chipumi ndi ndani? Akanena kuti ndi uyu, ndimamupempha akhale pakhonde ndimuyang'ane. Mafupa a nkhope amayenda m'mtundu, ndipo malire a mthunzi a patsaya la mwana nthawi zambiri amandipatsa zimene madzi anafufuta pachithunzi cha mayi ake.

Ndikamaliza sindithamangira kupopera. Graphite amafufutika ndi kukhudza kulikonse, ndiye amafunika chomugwira, ndipo kuno timagwiritsa ntchito hair spray ya ku saluni, kupopera patali mopepuka, podziwa kuti pakapita zaka imatha kuchititsa pepala chikasu. Koma ukapopera, labala siligwiranso bwino. Ndiye ndimayamba ndachijambula ndi foni pamthunzi, mopendeketsa pang'ono kuti graphite asang'anime, n'kutumiza kwa mwana wamkulu wa pabanjapo kuti aonetse azibale ake. Akayankha kuti ndi iwowo, ndimapopera, n'kuchiika m'pulasitiki pakati pa makatoni awiri mpaka tsiku lodzatenga.